Amene Asowa

Folo koloko m'bandakucha, Makata ali m'tulo,
mlonda wafunda katoni pageti,
koma m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi
a Likoswe ayamba kale kufunsa.

Anatisiya mu Juni, chiperoni chili pakati.
Mpando wawo anatenga a Kaliwo,
kapu yawo tsopano imasunga mapini.
Mafunso awo okha ndiwo sanamve za maliro:
makumi anayi ndi awiri, osungidwa, lililonse ndi ola lake.
Amadzuka okha,
kulowa m'nkhokwe ya manambala,
kutuluka atasenza mayankho,
kukatula pa imelo yomwe palibe akutsegula.

Dzulo bwana anati: Seva ikulemedwa, Ndaziona.
Lipoti la Lolemba likumafika tiyi atazizira.
Sesamo. Chosafunika fufuta.

Ndatsegula mndandanda.
Maina ngati a ana a pamitala:
ngongole za Limbe,
ngongole za Limbe latsopano,
ngongole za Limbe latsopano lenileni,
sopo wotsala.
Lina anangolitcha osakhudza.

Asanu amadzukira limodzi sikisi koloko
n'kumapanikizana pakhomo
ngati anthu pa Mibawa mvula ikayamba.
Ndawamwaza. Ili pakati pa usiku, ilo tambala woyamba,
lolemera kwambiri Lamulungu, ofesi ili zii.
Lina limayenda Lachitatu masana
pamene magetsi amakonda kuthawa;
ndalikokera m'mawa.
Lina likufunsabe za depoti ya ku Lunzu
imene tinatseka chaka chatha.
Tsiku ndi tsiku limapita, limabwera chimanjamanja,
silinadandaulepo.
Kompyuta yandifunsa: Mwatsimikiza?
Ndatsimikiza.

Pamalo pa mwini ndikuchotsa dzina lawo
n'kulemba langa,
kamodzi, kawiri, kakhumi,
mpaka zala zazolowera.

Latsala limodzi pansi penipeni: amene asowa.
Lachisanu, hafu pasiti filii.
Silipita kwa bwana, silipita ku akaunti.
Ndalitsegula m'mimba, timizere tisanu basi:
ndipatse onse amene sanagule kanthu
masiku makumi asanu ndi limodzi,
dera lawo, nambala zawo za foni.
Za ngongole mulibemo.

Kani n'chifukwa chake Lachisanu ankaweruka mochedwa,
jekete paphewa, foni kukhutu,
ife tikuthamangira minibasi ku Ginale.
Ndinkangomva: N'kwabwino kumeneko, mayi?
Okala ija mwatsekeranji?
Ndinkayesa akulondola ndalama.

Ndadina. Kagudumu kazungulira, kazungulira.

Mayi Nasiyaya, Chirimba, masiku makumi asanu ndi awiri.
Che Ajusa, Bangwe, miyezi iwiri ndi sabata.
A Mulipa a pa Safalao.
Wina wa ku Manase amene sindinamuonepo.
Ndipo mzere wachisanu ndi chiwiri,
akaunti ya ogwira ntchito:
W. Likoswe, Chilobwe.
Zomaliza kugula: shuga mapaketi awiri, sopo mmodzi.
Masiku zana limodzi ndi atatu.

Funso silidziwa njira ya kumanda.
Lafufuza monga analiphunzitsira,
lapeza mwini wake pakati pa osowa,
lamuika pamzere mwaulemu,
nambala ya foni pambali
kuti wina aimbe.

Masabata onsewa lakhala likuwauza iwo eni:
munthu uyu sakuoneka,
munthu uyu sakuoneka.

Kunja dzuwa likufewetsa phula,
phiri la Ndirande labisala mu utsi.
Lole ya mchere ikubwerera cham'mbuyo,
wina akukuwa: Bwera! Bwera! Basi!

Bwana wasuzumira: Atsala angati?
Khumi ndi asanu ndi anayi, ndayankha,
seva ikupuma bwino.
Ili sindinaliwerengere.

Ola ndalisiya pomwepo, hafu pasiti filii.
Ndangosintha kokatula.
Ndayamba ndi Chirimba; foni ikuitana.
Nambala yachisanu ndi chiwiri ndiimba pomaliza,
onse akatuluka.
Mwina akazi awo sanataye simu khadi.